Kusintha sukulu ku England uli pa viza ya ntchito: viza sisamuka nawe

Mphunzitsi wa boma ku Malawi akatopa ndi sukulu imene ali, njira yake amaidziwa. Amalemba kalata, ahedi amasaina, kalatayo imapita ku ofesi ya zamaphunziro ya paboma, iye n'kumadikira. Wina amati akutsatira banja, wina amati akufuna kuyandikira chipatala. Yankho likabwera amamanga katundu, kusaka lole, n'kukaonekera kwa ahedi atsopano. Nambala yake ya ntchito ndi yomwe ija, malipiro akuchokerabe komwe ankachokera, chifukwa bwana sanasinthe. Ndi boma lomwe lija. Timangoti wapita pa transifa.

Mawu akuti transifa amenewa timapita nawo kunja, ndipo ndi amene amapweteketsa anthu. Mphunzitsi wochokera ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Harare amene akuphunzitsa ku England pa viza ya Skilled Worker akapeza malo pasukulu ina, amafunsa anzake kuti, "Kodi viza ndiisamutsa bwanji?" Yankho lake ndi lakuti sisamuka. M'malamulo a dzikolo mulibe njira yochotsera viza pa bwana uyu n'kuiika pa bwana uyo. Chimene chilipo n'kupempha viza ina, ndi fomu ina, ndi ndalama zina, uku yakale ikadali m'manja. Amene wamvetsa zimenezi wapulumuka ku mavuto ambiri amene ndifotokoze pano. Ndikamba za England yokha, chifukwa ngakhale malamulo a viza ndi amodzi mu UK yonse, kayendetsedwe ka sukulu ku Scotland, ku Wales ndi ku Northern Ireland n'kosiyana.

Viza ya Skilled Worker inayamba pa 1 Disembala 2020, kulowa m'malo mwa ija inkatchedwa Tier 2. Maziko ake ndi akuti munthu salowa yekha, amalowa poimiridwa ndi womulemba ntchito, amene amatchedwa sponsor. Sponsor ameneyu amakhala ndi laisensi yochokera ku Home Office, unduna woona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo amapatsa wantchito chinthu chotchedwa Certificate of Sponsorship, chimene aliyense amangoti CoS. Dzinali limanamiza: si satifiketi yoti n'kuipachika pakhoma. Ndi nambala chabe, imene kumbuyo kwake kuli dzina la bwana, mtundu wa ntchito, malipiro, tsiku loyamba ndi tsiku lomaliza. Viza yanu yamangidwa pa nambala imeneyo. Imakulolani kugwira ntchito iyo, kwa bwana uyo. Zimenezi si zachilendo kwa ife: mlendo wogwira ntchito ku Malawi pa Temporary Employment Permit nayenso chilolezo chake chimakhala cha ntchito imene anabwerera.

Choncho funso loyamba kudzifunsa si lakuti ndikupita sukulu iti, koma lakuti sponsor wanga ndani. Ambiri sadziwa, chifukwa dzina lolembedwa pageti la sukulu si nthawi zonse limakhala dzina la pa CoS. Sukulu zambiri za sekondale ku England masiku ano ndi ma academy, sukulu zolandira ndalama za boma koma zosayendetsedwa ndi khonsolo, ndipo ambiri mwa iwo ali pansi pa mabungwe otchedwa multi-academy trust, oti bungwe limodzi limayendetsa sukulu zisanu, khumi kapena makumi angapo. Nthawi zambiri laisensi imakhala ya bungwelo. Ngati ndi choncho, ndipo mukuchoka pasukulu ina ya bungwe lomwelo kupita pa inzake kukagwira ntchito yamtundu womwewo, simupempha viza ina. Bwana amangodziwitsa Home Office kuti malo anu ogwirira ntchito asintha. Apa pokha ndi pamene pakufanana ndi transifa yakwathu. Sukulu zina laisensi yake imakhala ya khonsolo, zina zili ndi yawoyawo.

Koma mawu akuti "yamtundu womwewo" muwayang'anitsitse. Ntchito iliyonse ili ndi nambala yake ya manambala anayi. Uphunzitsi wa sekondale ndi 2313, wa pulayimale ndi 2314, ndipo wophunzitsa ana ofunika chithandizo chapadera ali ndi yake. Mukachoka ku sekondale kupita ku pulayimale, ngakhale bwana akhale yemweyo, nambala yasintha, ndipo muyenera kupempha viza ina. Kukwezedwa kukhala mkulu wa dipatimenti ya masamu koma mukuphunzitsabe kawirikawiri sikusintha nambalayi. Palinso nthawi zina pamene sukulu yonse imasintha mwini, mwachitsanzo sukulu ya khonsolo ikalowa m'bungwe la ma academy. Pamenepo udindo wokonza mapepala ndi wa mabwana awiriwo, ndipo amapatsidwa masiku 20 ogwira ntchito kuti achite zimenezo. Mphunzitsi safunika kulemba fomu, koma ndi bwino kufunsa ku ofesi ngati zachitikadi, chifukwa akaiwala wovutika ndi inu.

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni, ya munthu amene akuchoka kwa bwana uyu kupita kwa wina.

Chovuta chachikulu pano ndi chakuti pali makalendala awiri amene sadziwana. Ina ndi ya sukulu, ina ndi ya Home Office, ndipo mphunzitsi ali pakati.

Kalendala ya sukulu ndi yolimba. Mphunzitsi ku England sangodzuka n'kupereka notisi ya mwezi umodzi ngati wa m'sitolo. Mgwirizano wa ntchito za aphunzitsi umene umadziwika ndi dzina lakuti Burgundy Book unaika masiku atatu okha pachaka. Wofuna kuchoka pa 31 Disembala apereke notisi pofika pa 31 Okutobala. Wofuna kuchoka pa 30 Epulo apereke pofika tsiku lomaliza la Febuluwale. Wofuna kuchoka pa 31 Ogasiti apereke pofika pa 31 Meyi. Ma academy sakakamizidwa kutsata bukuli, koma ambiri amalitsata, ndipo sukulu zoima pazokha zambiri zimafuna notisi ya teremu yathunthu. Mukaphonya 31 Meyi ndi tsiku limodzi, ahedi ali ndi ufulu wokugwirani mpaka Khirisimasi. N'chifukwa chake mwezi wa Epulo ndi Meyi ndiyo nyengo ya msika wa aphunzitsi: ntchito zimalengezedwa zambiri, ma intavyu amathinana, ndipo sabata yomaliza ya Meyi, imene nthawi zambiri imagwera mu holide yapakati pa teremu, anthu amakhala mtima uli m'mwamba.

Intavyu yake nayo ili ndi mwambo wake umene umadzidzimutsa alendo. Mumapita m'mawa, amakupatsani kalasi ya ana amene simukuwadziwa, mumaphunzitsa kwa theka la ola kapena ola anthu awiri atakhala kumbuyo ndi zolembera, kenako mumakumana ndi ahedi ndi a komiti. Madzulo a tsiku lomwelo foni imalira. Akakuuzani kuti akutengani, amayembekezera yankho pompo kapena m'mawa mwake, ndipo "inde" wapafoni amatengedwa ngati lonjezo. Kwa mbadwa ya dzikolo nkhani yathera pomwepo: mawa akupereka notisi. Kwa inu amene muli pa viza, nkhani yangoyamba kumene.

Kalendala ya Home Office ili motere. Sukulu yatsopano iyenera kukhala ndi laisensi. Ngati ilibe, kuipempha kumatenga pafupifupi masabata 8. Ikhale nayo, iyeneranso kukhala ndi CoS yoti ikupatseni, chifukwa bwana aliyense amapatsidwa chiwerengero chake pachaka, ndipo akazitha kapena ngati sanapemphe n'komwe, kupempha zoonjezera kumatha kutenga masabata ambiri ngati salipira kuti zifulumire. CoS ikatuluka imagwira ntchito miyezi itatu yokha. Inu mungathe kupempha viza kutatsala miyezi itatu kuti muyambe ntchito, osati kale kuposa apo, ndipo yankho la munthu wopempha ali m'dziko momwemo limatenga pafupifupi masabata 8. Pali njira zolipira kuti yankho libwere m'masiku asanu ogwira ntchito kapena tsiku lotsatira, pamtengo wa £500 ndi £1,000, ikakhala kuti malo alipo.

Muwerengere nokha. Tiyerekeze mayi wophunzitsa sayansi ku Birmingham wapambana intavyu pa 22 Meyi. Pofika pa 31 Meyi ayenera kusiya ntchito imene yagwira viza yake, ya mwamuna wake ndi ya ana ake awiri. Tsiku limenelo m'manja mwake muli chiyani? Muli imelo ya ahedi atsopano yonena kuti ndi okondwa kumulandira. CoS palibe, chifukwa a ku ofesi yolemba anthu ntchito ali pa holide ndipo munthu mmodzi yekhayo amene amadziwa kulowa mu kompyuta ya Home Office abwera sabata yamawa. Mayiyu wakhala patebulo la kukhitchini usiku, kalata ya notisi ili pa laputopu yolembedwa kale, chala chili pa batani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Koma kalendala ya sukulu ikumuuza kuti ataye wapamphunoyo kaye.

Malangizo amene mumamva kawirikawiri ndi akuti musasiye ntchito musanalandire CoS. Ndi abwino, ndipo pamene n'zotheka atsateni. Koma kwa mphunzitsi amene wapeza ntchito kumapeto kwa Meyi, nthawi zambiri sizitheka, ndipo kumuuza zimenezo n'kungomuonjezera mantha. Chimene chimatheka ndi kuchepetsa ngoziyo isanafike. Mndandanda wa mabwana onse okhala ndi laisensi uli poyera pa GOV.UK, webusaiti ya boma la UK, aliyense angathe kuuona. Musanalembe n'komwe fomu yofunsira ntchito, fufuzani dzina la sukulu, ndipo mukapanda kulipeza fufuzani la bungwe kapena la khonsolo yake. Pa tsiku la intavyu funsani mafunso awiri mosachita manyazi: kodi muli ndi CoS yokonzeka panopa, nanga idzatuluka tsiku liti? Ndipo musanatumize notisi, pemphani kalata yolembedwa yonena kuti akulembani ntchito, pamalipiro akutiakuti, kuyambira tsiku lakutilakuti, ndiponso kuti adzakhala sponsor wanu. Ine ndimaona kuti ambiri a ife pano ndi pamene timagwa, chifukwa tinaleredwa kuti munthu wamkulu akakuchitira chifundo sumufunsa mafunso. Koma ahedi ambiri sadziwa malamulo a viza. Amalonjeza ndi mtima wabwino, kenako a zachuma n'kuwauza mtengo wake.

Mtengowo ndi wotani? Kumbali ya sukulu, CoS imodzi inakwera kufika £525 mu Epulo 2025, kuchoka pa £239, ndipo palinso msonkho wotchedwa Immigration Skills Charge umene bwana amalipira pa chaka chilichonse chimene akuimirani. Ziwirizi ndi za bwana. Lamulo silimulola kukudulani pamalipiro kapena kukupemphani kuti mumubwezere, ndipo wochita zimenezo akhoza kulandidwa laisensi. Aliyense wokuuzani kuti mugule CoS ndi wakuba, kaya akhale wakwanu.

Kumbali yanu, mu 2025 fomu ya munthu wopempha ali m'dziko momwemo inali £885 pa viza yosapitirira zaka zitatu. Pamwamba pake pali ndalama ya zachipatala, Immigration Health Surcharge, imene kuyambira Febuluwale 2024 ndi £1,035 pachaka kwa wamkulu ndi £776 kwa mwana, yolipiriratu zaka zonse nthawi imodzi. Pa mitengo ya 2025 imeneyi, viza ya zaka zitatu ya munthu mmodzi inali £3,990. Banja la mayi wa ku Birmingham uja, onse anayi atapempha limodzi, ndi ndalama zoposa £14,000. Mitengoyi imasintha pafupipafupi, choncho muone yatsopano musanawerengere. Pali zinthu ziwiri zopepukitsa. Choyamba, viza za mwamuna kapena mkazi wanu ndi ana sizifa chifukwa inu mwasintha bwana. Zimagwirabe ntchito mpaka tsiku lake lothera, ndiye mungathe kupempha nokha panopa, iwo n'kudzapempha nthawi yawo ikakwana. Chachiwiri, ngati mwalipira ndalama ya zachipatala kawiri pa nyengo imodzimodzi, gawo lake limabwezedwa, ngakhale amawerengera m'magawo a miyezi isanu ndi umodzi ndipo imabwera mochedwa. Muyenera kukhala nayo kaye ndalamayo.

Onaninso kontrakiti yanu yakale. Sukulu zina zimene zinakulipirirani ndege, nyumba ya miyezi yoyamba kapena fomu ya viza zimaikamo ndime yakuti mukachoka zaka zakutizakuti zisanakwane mudzabweza. Ndime zimenezi zimasiyana, zina ndi zachilungamo, zina ndi unyolo. Musanasaine chilichonse chovomera ngongole, pitani nayo kontrakitiyo ku bungwe la aphunzitsi. NEU ndi NASUWT ndiwo akuluakulu, ndipo kukhala pa viza sikukuletsani kulowamo. Ngakhale sitalaka yovomerezeka ndi lamulo siiwononga viza yanu.

Fomu ikatumizidwa, pali malamulo awiri amene sasewera. Loyamba ndi lakuti musayambe ntchito yatsopano yankho lisanabwere. Mungathe kupitiriza kwa bwana wakale, kumaliza notisi yanu bwinobwino, koma kwa watsopanoyo ayi, ngakhale tsiku loyamba la teremu limene ana sabwera, aphunzitsi okha ali pamaphunziro awo. Imeneyo ndi ntchito. Sukulu nayo siingakuloleni, chifukwa kuyambira Febuluwale 2024 bwana wolemba munthu wopanda chilolezo amalipitsidwa mpaka £45,000 pa munthu mmodzi ulendo woyamba, ndi £60,000 akabwereza. Yankho likabwera mumalowa mu akaunti yanu ya eVisa, imene ndi viza ya pa intaneti, popeza makadi a viza otchedwa BRP anatha kumapeto kwa 2024, n'kutulutsa nambala yotchedwa share code yoti sukulu ione ufulu wanu wogwira ntchito.

Lachiwiri ndi limene limatiwawa kwambiri ife a kutali. Pamene fomu yanu ikudikira yankho, musatuluke kunja kwa UK, Ireland, Channel Islands ndi Isle of Man. Mukatuluka, pempholo limatengedwa ngati mwalichotsa nokha. Tsono onani pamene makalendala awiri aja akugundana. Ntchito yoyamba pa 1 Seputembala, tsiku loyambirira kupempha viza ndi 1 Juni. CoS ikabwera msanga, yankho lifika kumapeto kwa Julayi, sukulu zikungotseka kumene, ndipo ulendo wa kumudzi ulipo. Koma CoS ikachedwa mpaka pakati pa Julayi, masabata 8 aja adya Ogasiti yense. Holide ya masabata asanu ndi limodzi, yokhayo pachaka imene munthu angapite ku Mzimba kapena ku Katete n'kukhalako mokwanira, yapita. Tiketi munagula mu Janyuwale mitengo isanakwere, mayi anu auza kale mudzi wonse. Ndipo imeneyo ndi holide chabe. Foni ya maliro siyang'ana kalendala ya munthu. Wophunzitsa kunja aliyense amaidziwa foni ya pakati pa usiku ija, ndipo kuilandira fomu ili m'njira ndi chinthu chimene sindingafunire munthu aliyense. Pachifukwa chimenechi ndimati £500 ya yankho lachangu, kwa amene ali ndi makolo okalamba kumudzi, muiwerengere ngati gawo la mtengo wa kusamuka, ndipo si kulakwa kupempha sukulu yatsopano kuti ikuthandizeni nayo. Ngati akufunadi mphunzitsi wa fizikisi pa 1 Seputembala, ndalama imeneyo kwa iwo ndi yochepa poyerekeza ndi kulemba wogwirizira.

Zonsezi ndi za munthu amene akuchoka mwadongosolo. Ena sachoka choncho. Kontrakiti inali ya chaka chimodzi, yogwirizira mayi amene anapita kukabereka, ndipo yatha. Kapena sukulu yachepetsa antchito. Kapena zinthu zafika poipa ndi ahedi moti munthu sangathenso kupirira. Apa ndi pamene pamabwera nkhani ya masiku 60, imene anthu amaimva mosiyanasiyana.

Ntchito ikatha, bwana ayenera kudziwitsa Home Office pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Kenako Home Office imakulemberani kuti viza yanu yafupikitsidwa, ndipo mwatsala ndi masiku 60, kapena masiku otsala pa vizayo ngati ndi ochepera apo. Masikuwo amayamba kuwerengedwa ndi kalata imeneyo, osati tsiku limene munatsazika m'stafurumu. Nthawi zina kalatayo imachedwa, ndipo anthu amayamba kuganiza kuti aiwalidwa. Sanaiwalidwe. Choopsa kwambiri n'chakuti kalatayo inatumizidwa ku imelo imene simuitsegulanso, kapena ku nyumba imene munasamukako, masiku akuwerengedwa inu osadziwa. Mukasintha adiresi kapena imelo, konzani mu akaunti yanu tsiku lomwelo. Viza ya mwini ikafupikitsidwa, za banja lake zimatsatira. Chimodzimodzi sukulu ikalandidwa laisensi: antchito osalakwa amapatsidwa masiku 60 omwewo.

M'masiku amenewo munthu ayenera kupeza sponsor wina n'kutumiza fomu, kapena kupempha viza yamtundu wina, kapena kunyamuka. Chotonthoza n'chakuti chofunika ndi kutumiza fomu tsikulo lisanakwane, osati kulandira yankho. Gawo 3C la lamulo la Immigration Act 1971 limati munthu amene wapempha nthawi yake isanathe amakhalabe m'dziko movomerezeka mpaka ayankhidwe. Koma masiku 60 kwa mphunzitsi ndi ochepa kuposa kwa namwino kapena wa makompyuta, chifukwa cha kalendala yomwe ija. Mukataya ntchito mu Novembala, ntchito zambiri zolengezedwa ndi zoyamba mu Janyuwale kapena pambuyo pa Isitala. Anzanu ambadwa zikawathina amapita ku ma ejensi a supply, n'kumagwirizira lero sukulu iyi, mawa iyo. Inu khomo limenelo ndi lotseka, popeza ejensi siloledwa kukhala sponsor wa munthu woti izikamubwereketsa kwa ena. Ngakhale ntchito yapambali ya maola 20 pasabata imene viza imalola, imaloledwa pokhapokha mukugwirabe ntchito ya sponsor wanu. Ikatha yaikuluyo, yapambali yathanso. Ndipo kutuluka m'dziko ntchito itatha kale, poganiza kuti viza ikuonekabe yamoyo pa foni, n'kudziika pangozi, chifukwa a pachipata ali ndi mphamvu yothetsa chilolezo ngati chifukwa chimene anachiperekera chasintha.

Wina angati, bwanji osangobwerera kwathu n'kukapempha ndili komweko? N'zotheka, ndipo kwa ena ndiyo njira yotsala. Koma kupempha uli kunja kumabweretsanso zimene munadutsamo poyamba: kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezeka ngati mwakhala kwanu nthawi yaitali, ndi makalata a polisi a dziko lililonse limene munakhalamo miyezi 12 kapena kuposa m'zaka khumi zapitazi, chifukwa uphunzitsi uli m'gulu la ntchito zofuna makalata amenewa. Kungasokonezenso zaka zimene mwasonkhanitsa. Pa viza imeneyi munthu wakhala akutha kupempha chilolezo chokhazikika pakatha zaka zisanu zosadukiza, osakhala kunja masiku oposa 180 m'miyezi 12 iliyonse. Kusintha bwana pakokha sikubweza zaka zimenezo pa ziro, bola pasakhale mpata wopanda chilolezo. Mu Meyi 2025 boma la UK linalengeza maganizo okweza zakazi kufika khumi. Kwa mphunzitsi, zimenezo zitachitika zingatanthauze zaka zambiri zomangika kwa bwana mmodzimmodzi, ndi ulendo ngati uwu kangapo.

Pali wotchi ina imene imayenda mwakachetechete, ya QTS, chiphaso cha uphunzitsi cha ku England. Mphunzitsi wophunzitsidwa kunja amaloledwa kuphunzitsa m'sukulu za khonsolo kwa zaka zinayi alibe QTS. Zakazi zimayamba tsiku loyamba limene munaima m'kalasi m'sukulu yoteroyo, ndipo kusintha sukulu sikuziyambitsanso. Mu Febuluwale 2023 boma linatsegula njira yopempha QTS mwachindunji kwa aphunzitsi a maiko ena asanu ndi anayi, kuphatikizapo Zimbabwe, South Africa, Ghana ndi Nigeria, ndipo kwa a maiko a mu Africa amenewa inali ya ophunzitsa masamu, sayansi ndi zilankhulo ku sekondale. Malawi ndi Zambia sizinali pa mndandandawo. Wophunzira ku Domasi kapena ku Chancellor College kawirikawiri amadalira njira ngati ya assessment only, yoti akatswiri amabwera kudzamuona akuphunzitsa pasukulu imene ali, ndipo imafuna kuti sukuluyo ivomere ndi kumuthandiza. Kuchoka pakati pa ndondomeko imeneyi kungakubwezeni m'mbuyo. Komanso kulowa sukulu yatsopano muli m'chaka chachitatu mulibe QTS, osagwirizana nawo za mmene muipezere, n'kusamutsa vuto chabe.

QTS imakhudzanso viza kudzera m'malipiro. Aphunzitsi sayezedwa ndi malire a malipiro a £41,700 pachaka amene anaikidwira antchito ambiri a viza imeneyi mu Julayi 2025. Iwo amayezedwa ndi sikelo ya malipiro a aphunzitsi, koma osatsika pansi pa £25,000 pachaka. Wokhala ndi QTS sadandaula, popeza poyambira penipeni kunja kwa London mu chaka cha sukulu cha 2025/26 ndi £32,916. Wopanda QTS angathe kuikidwa pa sikelo ya osaphunzitsidwa, imene pansi pake sipafika £25,000. Wofuna kugwira masiku atatu pasabata achenjerenso, chifukwa malire a £25,000 satsika ndi maola. Ndipo kuyambira 2013 sukulu yatsopano sikakamizidwa kukuikani pa sitepe ya malipiro imene munali. Zimenezi mukambirane pafoni ya madzulo ija, CoS isanalembedwe, chifukwa nambala imene ilembedwe pamenepo ndiyo Home Office idzaiona.

Chinthu chimodzi chimene alendo ambiri amachiopa kuposa fomu ndi kuuza ahedi. Kuno kwathu munthu amatha kufunsira ntchito mwachinsinsi, bwana n'kudzamva zonse zitapsa. M'sukulu za ku England zimenezo sizitheka. Malangizo a boma oteteza ana, Keeping Children Safe in Education, amati sukulu yolemba ntchito itenge umboni kuchokera kwa bwana amene muli naye panopa, ndipo ngati n'kotheka iutenge intavyu isanachitike. Pasukulu umboniwo umachokera kwa ahedi kapena umatsimikizidwa ndi iwo. Ndiye kuti munthu amene wagwira viza yanu adzadziwa kuti mukufuna kuchoka musanapeze n'komwe kopita. Kwa mphunzitsi amene akuthawa nkhanza, zimenezi n'zolemera, ndipo sindikuona chilungamo m'dongosolo limene limaika chilolezo cha banja lonse chokhalira m'dziko ndi kalata yotulukira m'dzanja la munthu mmodzi. Komabe ahedi alibe mphamvu yokukanizani kuchoka ngati mwasunga masiku a notisi, ndipo alibe mphamvu yothetsa viza yanu. Chimene angachite ndi kudziwitsa Home Office ntchito ikatha, zomwe lamulo limawalamula kale. Umboni wawo uyenera kukhala woona. Akaopseza, lembani tsiku ndi mawu ake, mupite ku bungwe la aphunzitsi, ndipo pa nkhani ya viza funsani loya kapena mlangizi wolembetsedwa ndi Immigration Advice Authority, imene mpaka Janyuwale 2025 inkatchedwa OISC, osati m'bale wa pa gulu la WhatsApp amene anachita zake mu 2021 malamulo asanasinthe.

Kumene kulibe nkhanza, gogodani pa ofesi ya ahedi nokha imelo yopempha umboni isanawafike. Kumeneko n'zozolowereka, aphunzitsi amasintha sukulu chaka ndi chaka ndipo amapatsidwa tsiku lopita ku intavyu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo mu uphunzitsi umaupezadi, chifukwa sukulu yachitatu idzafunanso kumva kwa anthu omwewa. Muwauze tsiku limene mukufuna kuchoka, ndipo mupemphe kuti tsiku lomaliza pa mapepala likhale 31 Ogasiti, osati tsiku lotsekera sukulu mu Julayi. Kusiyana kwake ndi malipiro a holide yonse, komanso masabata asanu ndi limodzi amene mukadali ndi sponsor pamene mukudikira yankho.